Kupita ku Joni pa ndege kuchokera ku Dedza kapena ku Ntcheu: mtunda wake, maola ake, ndi zomwe tikiti sinena

Munthu wa kuno akafunsa kuti ku Joni pa ndege ndi maola angati, amayankhidwa kuti awiri ndi theka. Yankholi si labodza. Kuchokera pa bwalo la ndege la Kamuzu, ku Lumbadzi, kukafika pa bwalo la OR Tambo ku Johannesburg pali makilomita pafupifupi 1,490 mukawongola, ndipo ndege ya mtundu wa Boeing 737 imawamaliza m'maola awiri ndi mphindi 20 kapena 30. Koma ulendo wa munthu wa ku Dedza kapena ku Ntcheu suyambira ku Lumbadzi. Ife tili pakati pa mabwalo awiri, la Kamuzu kumpoto ndi la Chileka kumwera, ndipo onse ali patali ndithu, moti msewu ndi kudikira zimadya nthawi yochuluka kuposa kuuluka kwenikweniko. Wowerengera maola a pa tikiti okha ndi amene ndege imamusiya, kapena amene amaimika m'bale wake pa bwalo theka lonse la tsiku.

Mtunda womwe mumauona pa intaneti pakati pa mabwalo awiri si wa msewu, komanso si womwe ndege imayendadi. Ndi mzere wachidule kwambiri womwe ungajambulidwe pamwamba pa dziko lozungulirali. Ngati kusukulu kwanu kuli globe, kanikizani ulusi pa Lilongwe, muukokere ku Johannesburg mpaka ukungike. Pomwe wagona ulusiwo ndiye mzere tikunenawu. Pa maulendo aafupi sukusiyana kwenikweni ndi mzere wa rula pa mapu, koma pa maulendo aatali, makamaka a kumpoto kwa dziko, umaoneka wokhota pa mapu a pepala chonsecho ndi womwewo wachidule.

Mtundawu mutha kuuwerengera nokha ndi foni, bola mudziwe madigiri a malo awiriwo. Digiri imodzi kulowera kumpoto kapena kumwera ndi makilomita 111 paliponse padziko. Digiri imodzi kulowera kum'mawa kapena kumadzulo imachepa mukamatalikira equator. Kuno kwathu ndi makilomita pafupifupi 107 kapena 108. Bwalo la Kamuzu lili pa madigiri 13.79 kumwera ndi 33.78 kum'mawa, la Chileka lili pa 15.68 kumwera ndi 34.97 kum'mawa. Kusiyana kwa kumwera ndi 1.89, kuchulukitsa ndi 111 tipeza makilomita 210. Kusiyana kwa kum'mawa ndi 1.19, komwe ndi makilomita 128. Apa mugwiritse ntchito masamu a Pythagoras aja a ku sekondale: 210 kuchulukitsa ndi 210, kuphatikiza 128 kuchulukitsa ndi 128, kenako square root yake. Yankho ndi makilomita 246. Pa msewu wa M1, kuchokera ku Lilongwe kudzera kuno ndi ku Zalewa mpaka ku Blantyre, pali makilomita opitirira 300. Njira yowerengerayi imagwira bwino mpaka ku Joni kapena ku Nairobi. Mukafuna ku London isiyeni, chifukwa pa mtunda wotero kuzungulira kwa dziko kumaisokoneza.

Mzere wa Kamuzu ndi Chileka uja umatikhudza. Ukachoka ku Lumbadzi umadutsa cha kumadzulo kwa boma la Dedza, n'kudumpha malire kulowa mu Angonia ku Mozambique, kudutsa cha pa Ulongwe, n'kudzabwereranso m'Malawi kumwera. Anthu a m'mbali mwa M1 pakati pa Lizulu ndi Biriwiri, komwe msewu womwewo ndiwo malire, akamamva ndege ikulira kumadzulo asadabwe.

Muyang'anenso kuti nambala mwapatsidwayo ili mu chiyani. Makilomita 1,490 aja ndi mamailosi 926 a pamtunda, koma oyendetsa ndege amawerengera mamailosi a panyanja, omwe imodzi ndi mamita 1,852, ndipo pa iwowo ulendo womwewo ndi 805. Anthu amatsutsana kuti wina wanama pomwe aliyense wagwira muyezo wake.

Ndege siyenda ndendende pa ulusi uja. M'mwamba muli njira zake zoikika, zokhala ndi malo omwe woyendetsa amayenera kudutsapo ndi kulankhula ndi oyang'anira mlengalenga a dziko lililonse lomwe akudutsa. Chinanso, ndege imanyamuka ndi kutera moyang'anizana ndi mphepo, chifukwa mphepo ya kutsogolo imathandiza mapiko kunyamula msanga. Msewu wa ndege wa pa Kamuzu unagona kuchokera kumpoto chakumadzulo kulowera kumwera chakum'mawa. M'miyezi yozizira, mwera ukamawomba, ndege yopita ku Chileka imanyamuka italunjika kale komwe ikupita. Tsiku lomwe mphepo yatembenuka, imanyamuka kulowera kumpoto n'kukakhota, ndipo makilomita angapo awonjezekera pomwepo. Ikakumana ndi mitambo ya mabingu siiboola, imailambalala. Choncho mtunda womwe yayendadi umaposa wa pa intaneti nthawi zonse, pena pang'ono, pena kwambiri.

Tsopano nthawi. Wina amatenga makilomita 246, n'kugawa ndi liwiro la Boeing 737 lomwe ndi makilomita pafupifupi 830 pa ola, n'kupeza mphindi 18. Kenako amadabwa kuona kuti tikiti ya Lilongwe kupita ku Blantyre ikunena mphindi 40 kapena 50. Chifukwa choyamba n'chakuti nthawi ya pa tikiti siyambira pomwe matayala achoka pansi. Imayambira pomwe achotsa zotchingira matayala ndege n'kuyamba kusuntha pamalo pomwe inaima, ndipo imathera pomwe yaimanso mbali inayo. Kuyenda pang'onopang'ono kupita ku msewu wake, kudikira chilolezo kwa a mu nsanja yoyang'anira ndege, kuyendanso ikatera, zonsezo zili momwemo. Pa Kamuzu ndi pa Chileka zimenezi n'zachidule poti ndege ndi zochepa. Pa OR Tambo, pomwe ndege zimachita kufola pamzere, mphindi 15 kapena 20 zitha kutha muli pansi injini zikulira.

Chifukwa chachiwiri ndicho chachikulu. Liwiro la 830 lija ndege imalipeza ikafika pamwamba penipeni, cha m'mamita 11,000, pomwe mpweya ndi wopyapyala. Kuti ikafike kumeneko pamafunika mphindi pafupifupi 20 ikukwera, ndipo m'madera ambiri lamulo limati isanapyole mamita 3,000 isapitirire makilomita 460 pa ola. Potsika namonso sichita kugwa ngati mwala. Oyendetsa amawerengera kuti pa mapazi 1,000 alionse otsika pafunika makilomita asanu ndi theka a kutsogolo, ndiye kuti yochokera pamwamba penipeni imayamba kutsika kukadali makilomita 160 kapena 200 kuti ifike. Pa ulendo wa makilomita 246 malo okwerera mpaka pamwambapo n'kutsikanso palibe. Zili ngati minibasi yochoka pa boma la Dedza yokatsitsa munthu pa Bembeke turn-off: isanakoke bwino yayamba kale kumanga mabuleki. N'chifukwa chake pa kaulendo aka ndege ya mapulopela ya Q400, yomwe liwiro lake ndi cha m'ma 650 ndipo sikwera kupitirira mamita 7,600, imafika pafupifupi nthawi imodzimodzi ndi Boeing, kwinaku ikumwa mafuta ochepa. Malawi Airlines, yomwe inayamba kuuluka mu 2014 Air Malawi itatha, yakhala ikugwiritsa ntchito mitundu iwiri yonseyi, ndipo kusiyana kwake kumaonekera pa maulendo aatali basi.

Njira yosavuta yoyerekezera ndi iyi: gawani mtunda ndi 800, muwonjezerepo theka la ola. Ku Johannesburg, 1,490 kugawa ndi 800 ndi ola limodzi ndi mphindi 52, kuphatikiza 30 zikwana maola awiri ndi mphindi 22. Ku Nairobi, makilomita pafupifupi 1,430, ndi chimodzimodzi kuchotsapo mphindi zochepa. Ku Addis Ababa, makilomita pafupifupi 2,590, ndi maola atatu ndi mphindi 45. Tikiti ikakuonetsani nthawi yotalika kwambiri kuposa pamenepa, dziwani kuti ndegeyo iima penapake kapena pali kusiyana kwa mawotchi, ndipo mufunse musanalipire.

Kuima panjira kumadya nthawi yosagwirizana ndi mtunda wake. Ndege zina zochoka ku Lilongwe kupita ku Joni zimayamba zatera ku Chileka. Kuchokera ku Chileka kukafika ku OR Tambo ndi makilomita pafupifupi 1,355, ndiye mukaphatikiza ndi 246 mupeza 1,600, kungowonjezera makilomita 110 pa ulendo wachindunji. Koma nthawi yowonjezera imaposa ola, chifukwa pali kutsika, kutera, kutsitsa ndi kukweza anthu ndi katundu, mwinanso kuthira mafuta, kenako kukweranso kuyambira pansi.

Mphepo ya m'mwamba nayo ili ndi gawo lake. Kumwera kwa Africa kuno, pamwamba pomwe ndege zimayenda, kumawomba mphepo yamphamvu yochokera kumadzulo, makamaka mu June, July ndi August. Popita ku Joni mumalowera kumwera chakumadzulo, ndiye mbali ina ya mphepoyo imakukankhani kumaso. Pobwera imakukankhani kumsana. Tiyerekeze kuti ndi ya makilomita 80 pa ola. Pa makilomita 1,200 a pakati pa ulendo, popita ndege iyenda 750 pa ola n'kutenga mphindi 96, pobwera iyenda 910 n'kutenga mphindi 79. Ndege ndi yomweyo, mtunda ndi womwewo, koma pasiyana mphindi 17. M'dzinja vuto limakhala lina. Kuyambira October mpaka March ku Johannesburg kumakonda kugwa mvula ya mabingu masana ndi madzulo, ndipo ikafika pa bwalo ndege zimauzidwa kuzungulira m'mwamba kudikira kuti idutse. Amene ali ndi mwayi wosankha m'miyezi imeneyi asankhe ndege yofika m'mawa kapena chakumasana dzuwa lisanapendeke.

Tibwere pansi tsopano, pa msewu wathu, pomwe pagona nkhani yeniyeni.

Kukwera ndege kuchoka ku Lilongwe kupita ku Blantyre, kwa munthu wa kuno, n'kutaya ndalama ndi nthawi. Wa pa boma la Dedza ayenda makilomita pafupifupi 85 kukafika ku Lilongwe, ndi enanso 25 kupyola Kanengo mpaka ku Lumbadzi, akupita kumpoto pomwe ulendo wake ndi wa kumwera. Maola awiri pa msewu, ola ndi theka pa bwalo, mphindi 45 m'ndege, theka la ola kuchoka ku Chileka kulowa m'tauni: maola asanu atsala pang'ono kukwana. Pa galimoto kuchoka pa Dedza pomwepo, makilomita 225 a ku Blantyre amatha m'maola atatu ndi theka. Za wa ku Ntcheu ndiye n'zosakambanso, poti Blantyre ali naye pa makilomita 150 okha.

Pa ulendo wa ku Joni funso loyamba likhale lakuti munyamukira bwalo liti, ndipo ambiri salifunsa n'komwe, amangoti ndege ndi ku Lilongwe. Wa ku Dedza, Linthipe, Chimbiya kapena Bembeke, lake ndi la Kamuzu. Wa pa boma la Ntcheu, Kampepuza, Nsipe kapena Manjawira, la Chileka lili pafupi: pa boma la Ntcheu kukafika pa Kamuzu ndi makilomita pafupifupi 185, pomwe ku Chileka, kudzera pa Chingeni, Phalula, Zalewa ndi Lunzu n'kukhotera pa Kameza, sakwana 160. Kuwonjezera apo simulowa m'kati mwa Blantyre, pomwe wopita ku Lumbadzi ayenera kudutsa kapena kulambalala mzinda wonse wa Lilongwe, ndipo ulendo wa m'mwamba wochokera ku Chileka ndi waufupi ndi makilomita 135. Malire a mabwalo awiriwa ali cha pakati pa Lizulu ndi boma la Ntcheu. A m'dera limenelo ayang'ane mtengo wa tikiti ndi ola lonyamukira, n'kusankha. Kungoti muonetsetse kuti tsiku lomwe mukufunalo ndege ilipo pa bwalo limenelo, chifukwa si kampani iliyonse yomwe imatera pa mabwalo onse awiri tsiku ndi tsiku.

Tiwerengere chobwerera m'mbuyo, monga amachitira aliyense wozolowera maulendowa. Tiyerekeze kuti ndege inyamuka pa Kamuzu 1 koloko masana. Pa ulendo wotuluka m'dziko muyenera kukhala mutafika 10 koloko m'mawa. Maola atatuwo si mwambo chabe: pali mzere wa check-in, kuyeza katundu pa sikelo, a imigireshoni, kupimidwa ndi makina, ndipo kauntala imatsekedwa kukadali pafupifupi ola lathunthu ndege isananyamuke. Mukafika 12:15 ndegeyo mudzaiona pawindo ili chiimire, koma sakulolani. Chikwama chikapyola makilogalamu omwe alembedwa pa tikiti, omwe kawirikawiri ndi 23 pa chikwama chimodzi ndi 7 cha m'manja, mudzagwada pansi pa mzere pomwepo n'kumasula zingwe, kutulutsa ufa, nyemba ndi mbatata za kachewere kuti achibale okuperekezani abwerere nazo, ndipo mphindi 20 zapita. Yezeranitu kunyumba, ngakhale pa sikelo ya ogula mbewu.

Wa galimoto yakeyake wochokera pa boma la Dedza anyamuke 7:30. Makilomita 110 amaoneka ochepa, koma pali maroadblock, misika ya m'mbali mwa msewu monga Chimbiya ndi Nathenje pomwe anthu, njinga ndi mbuzi zimadzaza msewu tsiku la msika, kenako mzere wa magalimoto kuyambira pa Bunda roundabout. Msewu wa bypass wochokera pamenepo kukatulukira pa msewu wa ku Mchinji umakupulumutsani ku chipwirikiti cha pa mlatho wa Lilongwe. Wa minibasi anyamuke 6 koloko, chifukwa adikira kuti idzaze, atsika mu depoti ku Lilongwe, akwera ina ya ku Lumbadzi, ndipo kuchoka pa M1 kukalowa pa bwalo pali kamtunda kofuna takisi. Ndege itera ku OR Tambo cha m'ma 3:30. Bwalo limenelija ndi lalikulu, kuyenda kuchoka pa geti, kufola kwa a imigireshoni ndi kudikira katundu zimatenga pafupifupi ola. Kulowa m'tauni ndi mphindi 30 mpaka ola malinga ndi magalimoto a madzulo. Mufika pakhomo cha m'ma 5:30. Kuyambira 6 koloko m'mawa ndi maola khumi ndi limodzi ndi theka, ndipo mwa amenewa awiri ndi theka okha ndiwo munali m'ndege. Ngakhale zili choncho, poyerekeza ndi basi yotulukira pa chipata cha Dedza kudzera ku Tete, Nyamapanda, Harare ndi Beitbridge, yomwe imayenda makilomita pafupifupi 1,800 n'kuima pa zipata zitatu, munthu n'kugona panjira, ndege yakupulumutsirani tsiku lathunthu ndi kupitirira.

Ndege ikakhala ya m'mawa kwambiri, kagoneni ku Lilongwe kapena ku Lumbadzi. Apa sitikunyengerera. M1 ya pakati pa Ntcheu ndi Dedza usiku wa mu June ndi July imakutidwa ndi nkhungu yoti magetsi a galimoto amangobwerera m'maso, ndipo thiraki yofera pamsewu mumaizindikira ndi nthambi zomwe aponya pa tala mutaiyandikira kale. Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, kuposa bwalo la Kamuzu lomwe lili cha pa 1,230, ndiye kuti ku Lumbadzi kutha kukhala kowala ndege n'kunyamuka pa nthawi yake inu mukukwawa pa 40 cha ku Bembeke. Ndalama ya chipinda usiku umodzi ndi yochepa poyerekeza ndi yosinthira tikiti.

Ku Joni mawotchi savuta, chifukwa Malawi, Mozambique, Zimbabwe, Zambia ndi South Africa nthawi yawo ndi imodzi. Amavuta mukalowera ku Kenya, Tanzania ndi Ethiopia, omwe ali patsogolo pathu ndi ola limodzi. Tikiti imalemba nthawi ya pamalo pomwe pali bwalolo. Ikati munyamuka ku Lilongwe 14:00 n'kufika ku Addis Ababa 18:50, si maola anayi ndi mphindi 50, ndi atatu ndi 50. Pobwera, 10:00 mpaka 12:50 imaoneka ngati maola awiri ndi 50 pomwe ndi atatu ndi 50 omwewo. Foni ikapanda kusintha yokha nthawi mutatera, n'kumadalira wotchi ya kumudzi, mudzafika pa geti ya ndege yachiwiri itatsekedwa kale. Muonenso tsiku. Ndege yolembedwa 01:30 pa 12 imanyamuka usiku wa pa 11 kucha kwa pa 12, ndiye mufike pa bwalo pa 11 usiku. Wofika pa 12 madzulo wachedwa ndi tsiku lathunthu. Kachizindikiro ka +1 pambali pa nthawi yofikira kakutanthauza kuti mufika tsiku lotsatira.

Opita kutali asamalenso ndi komwe akusinthira ndege. Kuchokera ku Lilongwe kukafika ku London mukawongola ndi makilomita pafupifupi 8,000, koma ndege yachindunji palibe. Kudzera ku Addis Ababa ndi pafupifupi 8,500. Kudzera ku Johannesburg mumayamba mwabwerera kumwera, ndipo ulendo wonse umapitirira 10,500. Komabe chomwe chimatalikitsa kwambiri ndi maola odikira pakati pa ndege ziwirizo, omwe atha kukhala awiri kapena khumi. Osachepera maola awiri ndi bwino pa bwalo lalikulu. Ndipo maulendo awiriwo akhale pa tikiti imodzi: ndege yoyamba ikachedwa, kampani imakuikani pa ina ndipo katundu amamusamutsa okha. Mukagula matikiti awiri osiyana pofuna kutchipitsa, muyenera kutuluka kwa a imigireshoni, kutenga katundu, kukayambanso check-in, ndipo yoyamba ikachedwa, yachiwiriyo yapita ndi ndalama zanu.

Wokakuchingamirani mumupatse nambala ya ndege, osati ola lokha, kuti aziona pa foni ngati yanyamuka mochedwa, ndipo mumuuze kuti awonjezere ola limodzi pa nthawi yoterera ngati ndi ku OR Tambo, kapena mphindi 30 mpaka 45 ngati ndi pa Kamuzu kapena ku Chileka. Pobwera kumudzi, ndege yotera pa Kamuzu itapyola 3 koloko masana ikutanthauza kuti wa minibasi adzafika ku Dedza kutada, ku Ntcheu usiku ndithu, ndiye galimoto yokutengani kapena malo ogona mukonzeretu musananyamuke ku Joni.